NYALUGWE WAKUDA NDI MAYANKHO A OONERERA

Nthano siyenda yokha. Wokamba akati "Padangokhala," omvera amayankha "Tili tonse," ndipo akaleka kuyankha, wokambayo amadziwa kuti nthano yake yafera panjira. Chifukwa chake woyesa nthano asatchere khutu kwa wokamba yekha, koma amvenso mayankho a omvera, pakuti m'mayankhomo ndimo muoneka njala imene anthu adali nayo. M'nkhani ino tiyesa mayankho amene anthu adapereka pa kanema wotchedwa Black Panther, ndiko kuti Nyalugwe Wakuda, amene adatuluka mu February 2018. Ndipo tiona chimene inu okonzekera uphunzitsi mungatolepo.

Ngwazi imeneyi idayamba kuoneka m'chaka cha 1966 m'timabuku ta nthano zojambulidwa, tija achinyamata amatitcha makomiki, ta kampani ya Marvel ku America. Adaipeka ndi Stan Lee ndi Jack Kirby, amuna amene sadali a mu Africa. Dzina lake ndi T'Challa, mfumu ya Wakanda, dziko longopeka la mu Africa limene atsamunda sadalilamulirepo, limenenso lidabisa nzeru zake ndi chitsulo chake chodabwitsa, vibranium, podzionetsa ngati losauka. Patapita zaka 52, Ryan Coogler adasandutsa nthanoyi kanema, ndipo Chadwick Boseman adasewera ngati mfumuyo. Kanemayu adapeza ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni, nalandira mphoto zitatu za Oscar mu 2019.

Eni nthano akale

Oyamba kuyankha adali awo amene adakula akuwerenga timabukuto. Anthu otere amayesa kanema monga muja agogo amayesera mdzukulu wokamba nthano ya Kalulu: akasintha kanthu kakang'ono, iwo amamudzudzula pomwepo. Tsono Coogler adasintha zambiri. M'timabuku, M'Baku amatchedwa ndi dzina lomufanizira ndi nyani, koma m'kanema dzinalo lidachotsedwa, popeza kufanizira munthu wakuda ndi nyani ndi chipongwe chakale chimene chidapweteka ambiri. Asilikali aakazi otchedwa Dora Milaje adalembedwa mu 1998 ngati oyembekezera kukwatiwa ndi mfumu, koma m'kanema ali asilikali basi. Nakia, amene m'timabuku adasanduka mdani, pano ali kazitape wokonda dziko lake. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa owerenga akalewo adavomera zosinthazi, pozindikira kuti wokamba wanzeru amataya mankhusu nasunga ufa.

Koma kuti iwo amaiyesa nthanoyi yawoyawo kudaonekera poyera Boseman atamwalira ndi khansa pa 28 August 2020, ali ndi zaka 43. Kampani idati sidzaika wina m'malo mwake. Ena adati umenewo ndiwo ulemu. Ena adasonkhanitsa maina napempha kuti T'Challa asafere pamodzi ndi womusewera, pakuti ana akuda akadafunabe ngwazi yawo. Mbali zonse ziwiri zinkalankhula ngati anamfedwa, osati ngati ogula matikiti.

Chikondwerero

Gulu lachiwiri, limene lidali lalikulu koposa, silidawerengepo timabukuto. Ku New York, ku London, ku Lagos, ku Nairobi ndi ku Johannesburg anthu adapita kukaonera atavala zovala zachiafirika monga opita ku ukwati. Ku Harlem, Frederick Joseph adayambitsa msonkhamsonkha wogulira ana osauka matikiti, ndipo m'mizinda yambiri adamutsanzira. Moni wa ku Wakanda, uja wopingasa manja pachifuwa, udafika m'mabwalo a mpira ndi m'masukulu.

Munthu asapeputse chikondwerero chimenechi. Kwa zaka zambiri, kanema wa Azungu adaonetsa Africa ngati thengo la Tarzan, momwe munthu wakuda ali wonyamula katundu kapena wothawa mkango. Apa anthu adaona mfumu yakuda, akazi akuda otsogolera nkhondo, ndi mtsikana wakuda, Shuri, woposa onse pa nzeru za makina. Adaonanso ana a kuno: Lupita Nyong'o wa ku Kenya, Danai Gurira amene adakulira ku Zimbabwe, John Kani wa ku South Africa, ndi Connie Chiume, amene bambo ake adali ochokera ku Nkhata Bay. Wanjala akaona nsima sayamba wafunsa kumene chimanga chidalimidwa. Komatu akakhuta ayenera kufunsa, ndipo gulu lachitatu lidafunsadi.

Odandaula

Madandaulo awo adali atatu. Choyamba, adati kanemayu, amene mbali yake yaikulu idajambulidwa ku Atlanta ndi ku Busan, adaphika Africa yense mumphika umodzi: mabulangete a Basotho, chisoti cha akazi Achizulu, mphete za m'khosi za Amandebele, ndi mawu a Baaba Maal wa ku Senegal, zonse m'mudzi umodzi. Ruth E. Carter, amene adakonza zovalazo, adazifufuza mwakhama, ndipo mphoto yake njomuyenera. Koma mwana woonera angaganize kuti Afirika onse ali mtundu umodzi.

Chachiwiri, adafunsa kuti: kodi dziko lanzeru chotero lingasankhe mfumu pomenyanitsa amuna pamathithi? Ife tidziwa kuti pakati pa Achewa ufumu umatsata kuchikazi, ndi kuti amayi aakulu a m'banjamo amakhala pansi nayesa makhalidwe a woyenera kulowa. Nkhonya si mwambo wa Africa ayi, ndi mwambo wa makomiki.

Chachitatu chidabutsa mkangano waukulu. Mdani wa T'Challa, Killmonger, ndi mwana wa bambo ake aang'ono, amene adasiyidwa wamasiye ku Oakland. Iye adzudzula Wakanda chifukwa chokhala chete pamene anthu akuda ankagulitsidwa ndi kuponderezedwa. Oonerera ambiri adati mawu ake ngoona, nadandaula kuti wonena zoonayo ndiye adapangidwa wakupha, pamene kazitape wa CIA adapangidwa bwenzi, chonsecho bungwe lomwelo lidakonzera Patrice Lumumba chiwembu mu 1960. Pamenepa ife tiona kuti odandaulawo adalasa pang'ono chabe. Kanema sakana mlandu wa Killmonger; akana njira yake, ndipo pomaliza T'Challa atsegula zipata za dziko lake chifukwa cha mawu a mdaniyo. Nthano imene imasiya omvera akutsutsana panjira yopita kwawo ndiyo yagwira ntchito.

Chilankhulo cha mfumu

Tsopano tifike pamene pali mtima wa nkhani yathu. Chimene chidagwetsa ambiri misozi, makamaka ku South Africa, ndicho kumva Chixhosa pakamwa pa mafumu. Chidalowa m'nthanoyi mu 2016, m'kanema wa Captain America: Civil War, pamene John Kani, posewera ngati bambo wa T'Challa, adalangiza kuti mfumu ilankhule ndi mwana wake m'chilankhulo cha kwawo. Boseman nayenso adakana kulankhula Chingerezi monga Mngerezi kapena Mmerika, popeza Wakanda sadalamulidwepo ndi iwo. Eni chilankhulo ena adaseka katchulidwe ka alendowo, koma ambiri adakhululuka, poona kuti khamalo lidali la ulemu.

Komabe woyesa nthano ayenera kufunsa funso limene ovina adaliiwala: kodi Chixhosacho chimveka pati? Chimveka pamene T'Challa akumana ndi mzimu wa bambo ake. Chimveka pamwambo wolonga ufumu. Chimveka pamene Okoye afuna kunena mawu oti Mzungu asamve. Chimvekanso pamalo pamphamvu koposa, pamene Killmonger aima pamaso pa akuluakulu natchula dzina lake lenileni ndi la bambo ake, ndipo bwalo lonse lidzidzimuka, pakuti chilankhulo chamuchitira umboni kuti ndi mwana wa pakhomo. Koma akulu akamakambirana za dziko, alankhula Chingerezi. Shuri akamafotokoza makina ake, afotokoza m'Chingerezi. Chilankhulo cha makolo chapatsidwa mizimu, miyambo ndi zinsinsi. Nzeru ndi maweruzo zapatsidwa chilankhulo cha alendo.

Wina adzati kanemayu adapangidwira msika wa ku America, ndipo Chingerezicho chingoimira chilankhulo cha Wakanda. Zimenezo n'zoona. Koma mu 2020 kanema wa Chikoreya wotchedwa Parasite adalandira mphoto yaikulu ya Oscar, oonerera akuwerenga mawu omasulira pansi pa chithunzi. Kotero sitinganene kuti anthu sangapirire chilankhulo chachilendo. Ndiponso diso la mwana silidziwa za msika. Iye angoona kuti pamene pali nyali ndi makina pali Chingerezi, ndipo pamene pali ng'oma pali chilankhulo cha kwawo.

Kugawa kumeneku ife sitikukuona koyamba. Chichewa chidakhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ndipo kwa zaka zambiri ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 kufikira 4. Koma lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira. Ngakhale lamulolo lisanadze, ambiri adazolowera kale kupereka moni, kupemphera ndi kulira maliro m'Chichewa, koma kuwerengera ndi kufotokoza za sayansi m'Chingerezi. Oonerera adakondwa poona chilankhulo cha Africa chitavala zachifumu, osazindikira kuti chakhazikidwa pa mpando womwewo umene ifenso tidachikhazikapo.

Mawu kwa aphunzitsi

Chigamulo chathu ndi ichi: kanemayu ngwabwino, ndipo chikondwerero cha anthu chidali choyenera, koma chidaonetsa kukula kwa njala koposa kuchuluka kwa chakudya. Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo alendowa atimetadi bwino mbali imodzi ya mutu. Mbali inayo sangatimete, popeza sadziwa Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe.

Tsono inu mukadzaima pamaso pa ana, ambiri a iwo adzakhala atamva za ngwazi zoterezi, kaya m'timanyumba toonetsera kanema pamsika, kaya pa lamya za abale awo. Musawaletse, ndiponso musangovomera. Afunseni kuti: chakukondweretsani n'chiyani? Nanga chasoweka n'chiyani? Amene aphunzira kuyankha mafunso onse awiri wayamba kuyesa nthano. Pambuyo pake, pa phunziro la Chichewa, auzeni apeke Shuri wa kwawo, ku Dedza kapena ku Nsanje, amene wapanga makina otungira madzi, ndipo afotokoze m'chilankhulo chawo momwe makinawo ayendera, gudumu ndi gudumu. Mawu ena adzawasowa. Asakeni pamodzi nawo, kwa osula, kwa okonza njinga ndi kwa asodzi, pakuti anthu amenewa akhala akufotokoza ntchito zawo m'chilankhulo chathu kuyambira kale. Tsiku limene mwana adzafotokoza zotere osachita manyazi, mudzakhala mutachita chimene madola 1.3 biliyoni sadathe kuchita.