Tochi, Thonje ndi Kagalasi

Munthu akaona banga lakuda m'kamwa mwake, mtima umathamangira ku khansa, ndipo sitingamunene. Khansa ya Kaposi inatitengera abale ambiri ma ARV aulere asanayambe mu 2004, ndipo mwa ena inkaonekera m'kamwa momwemo. Komatu mabanga ambiri a m'kamwa alibe vuto. Luso limene ine ndimalisirira ndi la dokotala wa pachipatala chaching'ono, monga cha Thuchila ku Mulanje, amene amazindikira banga loti alisiye ndi loti alithamangire, zida zake zili tochi, thonje ndi kagalasi basi.

Wodziwa ntchito safulumira kunena kuti "tayasamani". Amayamba wafunsa. "Linayamba liti, amayi? Likukula? Mukamatsuka mano limatuluka magazi?" Kwa abambo amafunsanso za fodya, poti utsi wa chingambwe kapena ndudu umadetsa nkhama zakutsogolo, ndipo munthu akasiya kusuta kudako kumazilala pang'onopang'ono. Kenaka amatsegula buku la kuchipatala kuti aone mankhwala amene wodwalayo wakhala akumwa. Zidovudine, mmodzi wa ma ARV akale, amatha kudetsa zikhadabo ndi m'kamwa momwe. Chloroquine nayenso akamwedwa nthawi yaitali amasiya mtundu wotuwa kumwamba kwa m'kamwa, ngakhale kuti Malawi anasiya kuchizira malungo ndi mankhwalawa mu 1993.

Akatha mafunso ndiye amavala magolovesi, n'kupukuta malowo ndi thonje, chifukwa malovu amanyezimira pa tochi n'kubisa malire a banga. Amatambasula mlomo, amakoka tsaya, amagwira lilime ndi thonje lomwelo n'kulitembenuza uku ndi uku. Kuda kukakhala mbali zonse ziwiri za nkhama mofanana, kosalala, ndiponso kwakalekale, ndi chibadwa chabe. Ndi melanini yemwe uja amene amadetsa khungu lathu, ndipo ambirife nkhama zathu n'zotero. Kabanga kamodzi kofiirira pamlomo wam'munsi, kosatukuka, kosaposa kanjere ka nandolo, kamtundu umodzi ndi malire ooneka bwino, kawirikawiri nakonso n'kosaopsa. Kotuwa kokhala pafupi ndi dzino lomatidwa ndi chitsulo kamakhala tizidutswa ta chomatiracho tomwe tinalowa m'mnofu, ndipo nthawi zina X-ray imationetsa.

Pamene pamandigometsa ndi pa kagalasi, komwe kaja a kulabotale amapakapo magazi poyeza malungo. Dokotala amatenga koyera, n'kukakanikiza pang'ono pabangapo, akusuzumira kudzera m'galasimo. Banga likayera n'kubwereranso akachotsa, ndiye kuti munali magazi amene athawira m'mitsempha. Ndi mmene zimakhalira ndi timitsempha totupa tomwe agogo ambiri ali nato pansi pa lilime ndi pamlomo. Likapanda kusintha, mtunduwo uli m'mnofu mwenimwenimo. Ntchito yosatha mphindi imodzi, yosafuna magetsi, koma yagawa kale matenda pawiri. Wochenjera sakhulupirira kagalasiko mopitirira, poti Kaposi, ngakhale ndi nthenda ya mitsempha ya magazi, nthawi zambiri sayera akakanikizidwa. Choncho akaona banga lofiira moderako kumwamba kwa m'kamwa, amapempha kuona miyendo ndi mapazi, n'kukamba za kuyezetsa magazi, motsitsa mawu kuti a pamzere panjapo asamve.

Pali malire amene diso silingadumphe, ndipo katswiri amawadziwa. Khansa ya melanoma m'kamwa ndi yosowa, koma ikabwera imakonda kumwamba kwa m'kamwa ndi nkhama zam'mwamba, ndipo poyamba siipweteka. Banga la pamenepo likakhala latsopano, lokula, lamitundu yosakanikirana, lamalire osongoka kapena lachilonda, palibenso zodikira. Kalata imalembedwa yopita kuchipatala cha boma ku Mulanje, mwinanso mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene amadula kachidutswa ka mnofu, kukaika mu formalin, kuti akakaunike pa maikulosikopu. M'kamwa monse mukada mwa munthu wamkulu, iye akufooka, akuwonda, magazi akuthamanga motsika, dokotala amaganiziranso nthenda ya Addison, imene kuno TB imatha kuyambitsa.

Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa zedi. Maphunziro a digiri yawo anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. N'chifukwa chake chigamulo cha pachipatala chaching'ono n'cholemera. Kutumiza aliyense ku Blantyre n'kudyetsa mabanja ndalama ya feteleza pa minibasi, pomwe kubweza munthu kumudzi molakwika n'kumuphetsa. Pa banga looneka losaopsa, wosamala amaliyeza ndi rula, amalijambula m'buku la wodwalayo, kulemba mamilimita ake ndi tsiku, n'kunena kuti, "Mudzabwerenso mwezi wakutiwakuti tidzalione. Likasintha lisanafike tsikulo, musadikire."