SQL Server 2025 ndi Chichewa: ng'oma ikulirira kwina, phindu lili kwina

Mu Novembala 2025 kampani ya Microsoft idatulutsa SQL Server 2025, seva ya database imene mabanki, makampani a inshuwalansi ndi maofesi akuluakulu m'maiko ambiri amasungiramo mayina a anthu, ndalama ndi makalata. Otsatsa ake akuimbira ng'oma chinthu chimodzi, AI. Akuti tsopano munthu atha kufufuza m'nkhokwe yake potsata tanthauzo la mawu, osati kalembedwe kokha. Zokoma kumva zimenezo. Koma ife amene timadya nsima chifukwa cha chilankhulo tili ndi mafunso awiri aang'ono: mukaipatsa mawu a Chichewa, sevayi imawasunga ali athunthu? Nanga mukawafuna, imakubwezerani?

Wina anena kuti imeneyi ndi nkhani ya anyamata a IT, ife itikhudza pati. Ikutikhudza ndithu. Malamulo a kalembedwe adali m'manja mwa Chichewa Board kuyambira 1972, ndipo kuchokera 1996 ntchitoyo ili ndi Centre for Language Studies ya University of Malawi. Komatu dzina la munthu likalowa mu database molakwika, limatuluka lolakwika pa satifiketi, pa kalata ya kubanki ndi pa chiphaso, mpaka mwini wake amayamba kulilemba momwemo poopa kubwezedwa pa kauntala. Zikatero, wakhazikitsa kalembedwe ndi amene adakonza tebulo, osati katswiri wa chilankhulo.

Tiyambe ndi chilembo chimene chazunzika kuposa zonse, ŵ wa tsindwi. Kwa zaka zambiri, danga la mtundu wa varchar mu SQL Server linkasunga zilembo motsata code page, ndipo imene ambiri ankaisiya momwe idabwerera ndi 1252, ya zilankhulo za kumadzulo kwa Ulaya. Muli é, muli ñ, muli ü, koma ŵ mulibe. Mukalowetsamo Malaŵi amatuluka Malawi, tsindwi lasasuka, seva ili phee osadandaula. Njira yopewera idalipo, ya nvarchar, koma imeneyo imadya ma byte awiri pa chilembo chilichonse, ngakhale a ndi b amene akadakwana pa byte imodzi. Wokonza tebulo woumira malo ankasankha varchar basi.

Zidasintha ndi SQL Server 2019, pamene varchar idayamba kulandira UTF-8. Zilembo wamba zimadya byte imodzi, ŵ amadya awiri, palibe chotayika. Kunena mosapsatira, kusintha kwa 2019 kumeneku n'kwaphindu ku zilankhulo zathu kuposa zonse zimene zikutamandidwa mu 2025. Achichewa ambiri adasiya kulemba tsindwi, n'zoona, koma Chitumbuka cha ŵanthu ndi ŵana sichingayende popanda chilembochi, ndipo database imodzimodziyo imatumikira Mzuzu ndi Lilongwe. Misampha ilipo iwiri. Woyamba, UTF-8 siibwera yokha: muyenera kusankha collation imene dzina lake likuthera ndi _UTF8, ndipo tebulo lakale likasamutsidwira pa seva yatsopano limapita ndi khalidwe lake lakale. Matsindwi amene adasasuka kale sabwereranso. Wachiwiri, nambala ya mu varchar(6) imawerenga ma byte, osati zilembo. Malawi akwanamo, Malaŵi ayi, chifukwa akufuna 7.

Collation ndi lamulo limene seva imatsata poyerekeza ndi pondandalika mawu. Chiwelshi, chimene nachonso chili ndi ŵ, chili ndi collation yakeyake mu SQL Server. Chichewa chilibe, ndipo 2025 sinabweretse. Apa sindidandaula kwambiri, popeza Latin1_General_100_CI_AI_SC_UTF8 imagwira ntchitoyo bwinobwino: imasunga mawu momwe munthu adawalembera, koma pofufuza imatenga w ndi ŵ ngati chilembo chimodzi, moti wofuna Malawi amapezanso Malaŵi. AI ya m'dzina lalitalilo si AI yotchukayi ayi, ikungotanthauza kuti seva isasamale za timizere ndi matsindwi a pamwamba pa zilembo. Imeneyo ndiye AI yokhayo imene ndingaivomereze ndisanaiyese.

Nkhodolero ndiye mutu wina. M'chilankhulo cha SQL kachizindikiro kameneka ndi kotsegulira ndi kotsekera mawu, choncho ng'ombe ikalowa mosasamala seva imaona ngati mawu athera pa ng. Mankhwala ake ndi odziwika kalekale: kupereka mawuwo ngati parameter, kapena kulemba nkhodolero kawiri. Aulesi amangoletsa kachizindikiroko pa fomu kapena kukachotsa mwakabisira. Ndiye Ng'oma asanduke Ngoma, choimbira chisanduke nyama ya kutchire. M'bale wanu asanduke mbale yodyera. Amang'anja alembedwe ngati mtundu wina umene kulibe. Vuto limeneli si la seva kwenikweni, ndipo palibe mtundu watsopano umene ungalichiritse. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti nkhodolero zilipo zingapo. Ya pa kiyibodi ndi yowongoka, U+0027, pomwe Microsoft Word imaisintha yokha n'kukhala yopindika, U+2019. M'maso mwathu ndi imodzi, kwa seva ndi zilembo ziwiri zosiyana. Kalaliki mmodzi atayipa mwachindunji, wina akopera kuchokera mu Word, munthu mmodzi wakhala anthu awiri.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani, pa kufufuza mawu m'kati mwa ziganizo. SQL Server ili ndi Full-Text Search, imene imadziwa kudula ziganizo ndi kupeza matsinde a mawu m'zilankhulo pafupifupi 50. Chichewa palibepo. Tili ndi mwayi wosankha chodulira chosakondera chilankhulo chilichonse, chimene chimangodula pa mipata ndi pa zizindikiro. Amene akufuna kuona mmene chikudulira ng'ombe kapena m'mudzi afunse sys.dm_fts_parser, imaonetsa zidutswa zonse. Koma ngakhale chidule bwino, chida chonsecho chidamangidwa ndi maganizo akuti mawu amasintha kumchira, mutu n'kukhala womwewo. N'chifukwa chake chimalola kufufuza "gul*", nyenyezi kumapeto, koma sichilola nyenyezi kumayambiriro.

Chichewa chimasintha kumutu. Taganizani wofufuza amene akufuna ziganizo zonse zonena za kugula m'madandaulo a makasitomala. Muzu ndi -gul-, koma m'ziganizomo muli ndinagula, sanagule, tikadzagula, ogulitsa, zogulidwa, mukamagulitsana. Akalemba "gul*" apeza gulani, kenako gulu, gule ndi gulugufe, pomwe ndinagula ndi anzake onse atsala. Akatopa n'kugwiritsa ntchito LIKE '%gul%', aneni aja abwera, koma seva isiya index n'kuwerenga tebulo lonse mzere ndi mzere, ndipo m'thumbamo mugweranso magulu ndi kutsegula. Ngati ndi database ya zaumoyo, wofuna za kugula mankhwala alandira odwala onse otsegula m'mimba. Mayina nawo ndi chimodzimodzi: munthu ndi anthu, mudzi ndi midzi, chinthu ndi zinthu, osanena za khasu ndi makasu, phiri ndi mapiri, duwa ndi maluwa, pamene ngakhale tsinde lenilenilo lasintha nkhope.

Apa ndi pamene SQL Server 2025 yabweretsa chinthu chimene otsatsa akungochitchula modutsa koma ife tiyenera kuchilandira ndi manja awiri: regex, kudzera mu REGEXP_LIKE, REGEXP_REPLACE ndi anzake. Mneni wa Chichewa ali ndi dongosolo lokhazikika, mgwirizanitsi poyamba, kenako nthawi, muzu, msintho ndi lembo lotsiriza, ndipo regex ndi njira yolembera dongosolo lotere kuti makina alimve. Kachitsanzo kakang'ono aka:

\b(ndi|u|a|ti|mu)(na|ma|dza|ku)gul(its|idw|ir)?(a|e)\b

Kameneka kagwira ndinagula, adzagulitsa, timagulira ndi mukugula, n'kusiya gulugufe, magulu ndi anatsegula. N'kosakwanira, inde, mulibe kukana, mulibe agwirizanitsi a magulu ena a mayina, koma wophunzira galamala wa chaka chachiwiri atha kukakulitsa masana amodzi. Kwa nthawi yoyamba, zimene timaphunzitsa pa bolodi zitha kulembedwa mwachindunji m'funso la SQL Server popanda kumata mapulogalamu apadera. Liwiro lokha musayembekezere zodabwitsa, poti muzu ukadali pakati pa mawu ndipo seva iyenerabe kuwerenga mizere yambiri. Tisaiwalenso kuti PostgreSQL ndi Oracle zidakhala ndi regex kwa zaka zambirimbiri. Microsoft yangofika mochedwa pa mwambo.

Pali kachilema kamodzi kamene kandikhumudwitsa. Regex ya SQL Server 2025 idamangidwa pa RE2, laibulale yochokera ku Google, imene mwadala siilola kunena kuti "chidutswa chimene wangoona chija chibwerenso". Adachita izi kuti funso lisamatenge nthawi yosadziwika mathero ake, ndipo chifukwacho n'chomveka. Koma kubwereza ndi mtima wa Chichewa: kuyendayenda, kulankhulalankhula, msangamsanga, pang'onopang'ono, kawirikawiri. Wofufuza amene akufuna kutola mawu onse obwerezabwereza m'nkhokwe ya zolemba sangalembe lamulo limodzi logwira onsewo. Mu PostgreSQL atha, ndi kamzere kamodzi.

Zabweranso zida zoyezera kufanana kwa mawu, monga EDIT_DISTANCE, zina mwa izo zidatuluka mu 2025 zili pa mlingo woyeserera. N'zabwinoko kuposa SOUNDEX yakale ija, imene idapangidwira mayina a Chingerezi ndipo imapatsa l nambala 4, r nambala 6, moti mbiri ndi mbili kwa iyo ndi mawu achilendo. EDIT_DISTANCE imangowerenga zilembo zofunika kusintha kuti mawu awiri afanane. Mbiri ndi mbili zisiyana ndi chimodzi, chakudya cha ku Malawi ndi cakudya ca ku Zambia chimodzinso, zili bwino. Koma adzabwera ndi sadzabwera nazonso zisiyana ndi chilembo chimodzi chokha. Pa mayina a anthu chidachi chithandiza. Pa aneni, chenjerani nacho.

Nanga AI ija? Sevayi tsopano ili ndi mtundu wa deta wotchedwa vector, mndandanda wa manambala ofika mpaka 1998 oimira tanthauzo la chiganizo, ndiponso VECTOR_DISTANCE yoyezera kutalikirana kwa mindandanda iwiri. Ziganizo zofanana tanthauzo zimayenera kukhala moyandikana. Zitayenda bwino, zingathetse mavuto onse ndatchulawa nthawi imodzi: ndinagula ndi ogulitsa zingapezane popanda regex, ndipo mtengo wa mango ungasiyane ndi mtengo wa feteleza, chinthu chimene kalembedwe kathu kosaonetsa kamvekedwe ka mawu sikangathe. Lonjezo lake ndi lalikulu, sindikulinyoza.

Chimene otsatsa sanena mokweza n'chakuti seva siipanga manambalawo. Imatumiza mawu anu kwa model ya kunja kwake, kaya ya Azure OpenAI, ya OpenAI kapena imene mwaiika nokha kudzera mu Ollama, n'kusunga zimene yabwezeredwa. Nzeru zonse za chilankhulo zili mu model, seva ndi nkhokwe chabe. Ma model ambiri adaphunzira pa zolemba za pa intaneti, kumene Chingerezi ndi nyanja, Chichewa ndi kachithaphwi. Mawu ngati tikamadzagulitsana amawaduladula m'tizidutswa tosatsata malire a aphatikiri. Si kuti makina sangaphunzire Chichewa: Google Translate ili nacho kuyambira 2014, ndipo NLLB-200 ya Meta, ya 2022, ili ndi Chinyanja. Koma kumasulira ndi ntchito ina, kuyeza tanthauzo ndi inanso, ndipo chizindikiro cha SQL Server 2025 pa bokosi sichikuuzani kanthu za model imene mwalumikiza.

Choopsa chenicheni ndi ichi. LIKE ikalephera imabweza tebulo lopanda kanthu, munthu n'kudziwa kuti zakanika. Kufufuza kwa vector kumangotola mizere yoyandikira kwambiri, kaya ikugwirizana ndi funso kaya ayi, pokhapokha wokonza ataika malire a mtunda. Mukapempha khumi ikupatsani khumi, yondandalikidwa bwino, yooneka ngati yankho. Bwana amene adaona chionetsero cha m'Chingerezi chikuyenda ngati madzi sadziwa kuti madandaulo olembedwa m'Chichewa, kapena m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi chija timalemba pa foni, akusankhidwa mwachisawawa. Odandaula m'Chingerezi amveka, a m'Chichewa asowa, popanda wina aliyense kufuna kutero. Bungwe lililonse lofuna kugula liyambe latenga ziganizo zenizeni za anthu ake, lilembe mafunso zana limodzi amene olankhula Chichewa akudziwa mayankho ake, liwerenge kuti makina apeza angati. M'mafunsomo muikemo dala ziganizo zosiyana pa kukana kokha, monga ndalandira ndalama ndi sindinalandire ndalama. Lifunsenso kumene mawuwo akupita, chifukwa model ikakhala pa kompyuta za kunja kwa dziko, ndiye kuti nkhani za anthu zikuwoloka malire, ndipo Malawi ali ndi lamulo loteteza deta la 2024.

Pakadali pano pali kachida kakale kamene sikatchulidwa m'zotsatsa. Full-Text Search imawerenga fayilo ya XML yotchedwa tsglobal.xml, mmene munthu atha kulembamo magulu a mawu oti seva iziwatenga ngati amodzi pofufuza ndi FORMSOF(THESAURUS). Imafika ili yopanda kanthu, kungokhala ndi chitsanzo cha m'Chingerezi chozimitsidwa. Siingakwane aneni, popeza mneni mmodzi wa Chichewa ali ndi maonekedwe ochuluka zedi, koma mayina ikwanitsa: khasu ndi makasu, dzira ndi mazira, duwa ndi maluwa, mbiri ndi mbili, chinthu ndi cinthu, ndalama ndi makobidi. Zambiri mwa izi zili kale mu Mtanthauziramawu wa Centre for Language Studies wa 2000, kungofunika wozisamutsa n'kuzigawa kwaulere kwa okonza ma database. Ophunzira athu amene chaka ndi chaka amasowa mutu wa kafukufuku atha kuyambira pa mayina a gulu la li-ma, amene ndi ovuta kwambiri kuwagwira ndi regex.