Mlembi wa Usiku Amapita Kuti Kukacha?

Pa tchuthi chapitachi mwana wa mlongo wanga, yemwe ali mu Sitandade 5, anandionetsa kope lake la chimangirizo. Mutu unali "Mudzi Wathu". Analemba kuti m'mudzimo muli nyumba zambiri, anthu amalima chimanga, ndipo amfumu ndi abwino. Panalibe mzere ngakhale umodzi womwe ndikanati ndi wakewake. Aphunzitsi anazunguliza ndi inki yofiira mawu atatu olembedwa molakwika, nalemba 6/10, basi.

Madzulo ake titadya nsima, mwana yemweyo anati "Padangotero," ife n'kuvomera "Tili tonse." Anatisimbira za Fisi amene anakwera minibasi atavala jekete, kondakitala n'kumulipiritsa kawiri poti mchira nawo unatenga mpando. Nthanoyi sanaimve kwa agogo ake. Anaipeka yekha, ndi kanyimbo kake komwe. Tinaseka mpaka misozi. Tsono ndinadzifunsa: kodi mlembi wa usikuyu amapita kuti kukacha?

Aphunzitsi okha sindingawaloze chala. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, m'sukulu zina mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana oposa 100. Munthu wotere amangochonga kalembedwe, chifukwa ndiko kosachedwetsa. Koma vuto lina lili m'mene timawerengera mabuku athu. Nthondo wa Samuel Josia Nthara, wa mu 1933, ndi Kukula ndi Mwambo wa J.W. Gwengwe, wa mu 1965, ndi mabuku omwe ndimawalemekeza, koma onsewa analembedwa kuti alangize. Ife tatengerapo chizolowezi chofunsa nkhani iliyonse funso limodzi lokha: "Kodi tikuphunzirapo chiyani?" Mwana akamva funsoli chaka ndi chaka amayamba kuyesa kuti kulemba ndi kulalikira, ndipo poti iye sanafike polangiza anthu, amangobwereza zomwe akulu afuna kumva.

Nthano za pamoto sizitero. Phunziro limakhalamo ndithu, koma limadza pothera, anthu ataimba ndi kuseka kale. Kalulu amanama, amaba, ndipo kawirikawiri amapulumuka. Chachikulu n'chakuti wosimba sakhala yekha. Akangoyamba kuzizira, "Tili tonse" uja naye amazirala, iye n'kudziwa kuti pamenepo pafunika mchere. Kumeneko ndiko kuweruza nkhani kwenikweni. Inki yofiira imauza mwana pamene walakwa, koma simuuza ngati wina anasangalala.

Ife a pano tiyenera kudziwa zimenezi kuposa ena. Writers' Workshop ya ku Chancellor College itayamba mu 1970, mphamvu yake inali yomweyi: munthu kubwera ndi zolemba zake, anzake n'kumva, n'kuyankha. Ngati ife a ndevu timafuna omvera, nanji mwana? M'mera mpoyamba. Tikapita kumudzi, timupatse mwana pepala alembe nthano yake m'chilankhulo chomwe amasimbira, atiwerengere mokweza, ife tifunse kuti "Kenako chinachitika n'chiyani?" Za malembo akulu ndi mpumiro tidzakonze mawa, nkhani itaima kale.

Ndisanabwerere kuno ndinam'gulira mwana uja kope lina. Analitembenuzatembenuza nati, "Malume, achonga ndani?" Ndinati palibe, koma ndidzafuna kumva zonse. Mlongo wanga akuti masamba afika 9, ndipo Fisi sanatsikebe minibasi ija.