Maliro a Emily Davison ndi Voti ya Wochapa Zovala: Maganizo pa Kanema wa "Suffragette"

Kanema wotchedwa "Suffragette" adatuluka ku Britain m'chaka cha 2015. Adalemba nkhani yake ndi Abi Morgan, ndipo adatsogolera kajambulidwe kake ndi Sarah Gavron. Zochitika zake zili mumzinda wa London m'zaka za 1912 ndi 1913, pamene amai a bungwe la WSPU, limene Emmeline Pankhurst adayambitsa ku Manchester mu 1903, adatopa nako kupempha mwaulemu, nayamba kuswa mawindo a masitolo ndi kutentha mabokosi a makalata pofuna ufulu woponya voti. Kanemayu ngwoyenera kuti ansembe ndi aseminale amuone, ndipo tikumuyamika pa zambiri. Komabe tili naye chifukwa chimodzi chachikulu. Iye amathera pa maliro, nasiya woonerera akuganiza kuti imfa ya mai mmodzi ndiyo idagulira amai voti, chonsecho amai osauka amene iye watiphunzitsa kuwakonda ndiwo adatsalira kunja pamene khomo lidayamba kutsekuka.

Tiyambe ndi zabwino. Mwini nkhani ndi Maud Watts, munthu wongopeka, mai wa zaka 24 wogwira ntchito m'nyumba yochapira zovala ku Bethnal Green. Carey Mulligan, amene adaseŵera mbali imeneyi, sationetsa ngwazi yodziŵa kulankhula. Amationetsa mai wotopa, wa manja otupa ndi madzi otentha, amene adayamba ntchitoyo ali mwana, amalandira malipiro ochepa kuposa amuna ngakhale amagwira maola ochuluka, ndipo bwana wake wakhala akumchita zachipongwe. Pamene mnzake Violet wamenyedwa ndi mwamuna wake kotero kuti sangaonekere pagulu, Maud ndiye akaima pamaso pa David Lloyd George, nduna ya zachuma, kuti afotokoze moyo wake. Amalankhula mwachibwibwi, ngati munthu amene sadafunsidwepo maganizo ake chibadwire, ndipo apa mpamene kanemayu ali ndi mphamvu zake zonse.

Chimodzimodzi pamene mwamuna wake ampirikitsa, kenaka napereka mwana wawo kwa anthu ena kuti amlere, Maud alibe kokadandaula, pakuti lamulo la nthaŵi imeneyo linkaika mwana m'manja mwa bambo. Woonerera amazindikira yekha, popanda womulalikira, kuti munthu wopanda liwu posankha opanga malamulo alibenso chomtchinjiriza pamene malamulowo amgwera. Gavron adachita mwanzeru kuonetsa Pankhurst kwa mphindi zoŵerengeka chabe, akulankhula pakhonde, kuti maso athu akhale pa amai wamba.

Vuto lili ku mapeto. Pa 4 June 1913, pa mpikisano wa akavalo ku Epsom, Emily Wilding Davison adaloŵa m'bwalo nagundidwa ndi kavalo wa Mfumu George V, ndipo adamwalira pa 8 June. Kanemayu amatsekera ndi zithunzi zenizeni za maliro ake, kenaka mizere ingapo ya zaka zimene maiko adapereka voti kwa amai. Mtima wa woonerera umalumikiza ziŵirizi ngati mbeu ndi zokolola. Koma mbiri siidayende choncho. Boma la Herbert Asquith silidagonje mu 1913. Lidapitiriza kugwiritsa ntchito lamulo lotulutsa m'ndende amai odzikana chakudya akafooka, nkuwagwiranso akapeza mphamvu. Nkhondo itabuka mu 1914, bungwe la WSPU lidaimitsa kulimbana kwake. Voti idafika mu 1918, koma kwa amai okhawo a zaka 30 kapena kuposerapo amene iwo eni kapena amuna awo adali ndi nyumba kapena malo ovomerezeka ndi lamulo, pamodzi ndi omaliza maphunziro a yunivesite. Amai oposa 8 miliyoni adaloŵa m'kaundula, koma atsikana ambiri amene adapanga zipolopolo m'mafakitale pa nthaŵi ya nkhondo adatsala, pamene mnyamata wa zaka 21 ankavota. Mai wonga Maud, wopirikitsidwa pabanja ndi wogona m'kachipinda ka eni ake, kukadamvuta kuloŵa m'kaundulamo, ndipo mwana wamkazi wa Violet akadadikira mpaka 1928. Kanemayu amatchula zakazi m'mizere yomaliza, koma salola woonerera kumva kuŵaŵa kwa zaka khumi zimenezo.

Pali anthu enanso amene kanemayu wawaiŵala. Bungwe la NUWSS, limene Millicent Fawcett ankatsogolera, lidakhazikitsidwa mu 1897 ndipo lidali lalikulu kwambiri kuposa la Pankhurst. Mu July 1913, patangopita masabata ochepa chichitikire maliro aja, amai ake adayenda pansi kuchokera m'zigawo zosiyanasiyana za dzikolo nakakumana ku Hyde Park, osaswa windo ngakhale limodzi. Sylvia Pankhurst, amene adakhala pakati pa amphaŵi a kum'maŵa kwa London, kumene kanemayu waika Maud, adachotsedwa m'bungwe la amai ake mu 1914, mwa zina chifukwa chogwirizana ndi anthu apantchito. Ndipo mu June chaka chomwecho amai asanu ndi mmodzi apantchito a gulu lake adakaonana ndi Asquith maso ndi maso. Ku New Zealand amai adalandira voti mu 1893, Kate Sheppard ndi anzake atasonkhanitsa maina pafupifupi 32,000 pa kalata yopempha Nyumba ya Malamulo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, koma kudekha sikujambulika bwino pa kanema, nchifukwa chake ojambula amathamangira ku moto ndi ku magazi.

Kwa ife ophunzira zaumulungu funso lolemera ndi la umaritiri. Davison adali mkhristu wachangu wa mpingo wa Anglican, ndipo boma lidamzunza kwambiri, kumdyetsa mokakamiza m'ndende nthaŵi zambirimbiri. Augustino Woyera adaphunzitsa kuti chimene chimapanga mmaritiri ndi chifukwa chimene wafera, osati kukula kwa mazunzo, ndipo sitikayika kuti chifukwa cha Davison chidali cholungama. Koma Mpingo umaphunzitsanso kuti mmaritiri amalandira imfa, saifunafuna, ndiponso saika moyo wa mnzake pangozi. Wokwera kavalo uja, Herbert Jones, adavulala tsiku limenelo. Bwalo lofufuza za imfayo lidagamula kuti idali ngozi, ndipo Davison adapezeka ndi tikiti ya sitima yobwererera ku London. Kanemayu amakhudza pang'ono funso la chiwawa pamene wapolisi Steed akumbutsa Maud kuti bomba limene adatchera pa nyumba ya Lloyd George likadatha kupha munthu wosalakwa, koma posachedwa nyimbo za maliro zimakwirira funsolo. Tikadakonda kuti ojambula atisiye ndi funsolo lili lotsekuka.

Chikhristu nachonso sichioneka mokwanira m'kanemayu, ngakhale chidali mbali zonse ziŵiri za mkanganowo. Atsogoleri ambiri a mipingo, ndi Akatolika omwe, ankatsutsa voti ya amai poopa kuti isokoneza mabanja. Koma mu 1911 Gabrielle Jeffery ndi May Kendall adayambitsa ku London bungwe la amai Achikatolika lomenyera voti, limene pambuyo pake lidatenga dzina la Joan Woyera wa ku Arc. Mu 1945 Papa Pius XII adalimbikitsa amai a ku Italy kuti atenge mbali pa zandale. Mu 1963 Papa John XXIII, m'kalata yake ya Pacem in Terris, adaŵerengera kuloŵa kwa amai m'ntchito zoyendetsa dziko pakati pa zizindikiro za nthaŵi, ndipo mu 1965 Msonkhano Wachiŵiri wa Vatican udakana tsankho lililonse lochokera pa kukhala mwamuna kapena mkazi. Komabe mu Sinodi ya Maepiskopi amai adaponya voti koyamba mu October 2023, Papa Francis atalola, ndipo adalipo 54. Kuchokera pa bungwe la Jeffery ndi Kendall padapita zaka 112.

Pa Mateyo 23 Ambuye adadzudzula anthu omanga ziliza za aneneri pamene mitima yawo ili yofanana ndi ya amene adawapha. Kanema wothera pa maliro amatiyesa ndi chiyeso chomwecho: kulira Davison nkwapafupi kuposa kumvera Maud akulankhula mwachibwibwi. Choncho tikulangiza kuti amene adzaonetse kanemayu m'seminale asalole kukambirana kuthere pa Epsom. Afunse aseminale kuti ndani adatsala kunja mu 1918 ndipo chifukwa ninji. Kenaka aŵerenge pamodzi kuti m'khonsolo ya parishi ya kwawo, ndi m'komiti imene imagamula za chuma cha tchalitchi, muli amai angati a mtundu wa amene amachapa nsalu za paguwa.