Kupezeka pa PubMed si chidindo cha choonadi

Mawu oti "zili pa PubMed" kapena "magaziniyi ili mu Scopus" asanduka njira yotsekera pakamwa wofunsa. Komatu nkhokwe zimenezi zimasankha magazini n'kulembera zomwe asindikiza. Sizibwereza kafukufuku kuti zione ngati ziwerengero zake n'zoona.

Pa 22 May 2020, The Lancet inatulutsa kafukufuku wonena kuti hydroxychloroquine amachulukitsa imfa pakati pa odwala Covid-19, ndipo WHO inayamba yaimitsa kuyesa mankhwalawa. Pa 4 June nkhaniyo inabwezedwa chifukwa kampani ya Surgisphere sinalole kuti ziwerengero zake ziunikidwe. Mu 2023 Hindawi inabweza nkhani zoposa 8,000, ndipo Web of Science inachotsa ena mwa magazini ake pamndandanda. Koma anthu anali atawerenga kale.

N'zonyaditsa kuti Malawi Medical Journal imapezeka pa PubMed, chifukwa ntchito yathu ikuoneka kunja. Vuto ndi kukhulupirira dzina la nkhokwe osawerenga nkhaniyo.

Izi zikukhudzani inu a ku Liwonde. Machinga ndi Balaka ali m'gulu la maboma omwe anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019, ndipo makolo amafunsa mafunso ovuta. Wina akakutumizirani kafukufuku pa WhatsApp, musanamutchule pasikelo, onani komwe anachitikira, anthu angati, ndiponso ngati PubMed yalembapo "Retracted". Kope lomwe linatsitsidwa kale pafoni silisonyeza chenjezolo.