Mwana wa Mnzako Amene Sudzadya Naye

Pali mwambi umene ife Akhristu a kuno kwa Kaluluma tiukonda koposa, ndipo sapita maliro a mayi wosiya ana osaumva pakamwa pa mkulu wa mpingo kapena pa nyakwawa. Timati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anthu avomera ndi mitu, ndipo wolankhulayo akhala pansi. Koma makolo amene anatisiyira mwambiwu sanalekezere pomwepo ai. Iwo anaonjeza kuti, ukachenjera manja udya naye. Mau otsirizawa timawameza pamaliro chifukwa cha manyazi, koma m'mitima mwathu ndiwo amene alamulira. Tsono mwezi uno tifuna kuuzenga mlandu mwambi umenewu, pamodzi ndi ife eni amene tauyesa chiphunzitso cha Mpingo.

Sitikana kuti mwambiwu walera ana ambiri. Uli ndi nzeru ya mlimi, amene abzala lero kuti akolole m'masika, ndipo ana amasiye osawerengeka anakula chifukwa wina anayembekeza kudzadya thukuta lao. Koma nanga mwana amene palibe achita kuyembekeza kanthu kwa iye? Tinena kamwana ka zaka ziwiri, koonda miyendo, kotsokomola usiku, kamene amake anakasiyira kachilombo m'magazi, kapena kamene kagwa khunyu, ndipo kafuna mankhwala tsiku ndi tsiku kufikira kadzakula. Za mwana wotere mwambi wathu uli chete, ndipo nafenso tikhala chete.

Taonani m'mene zichitikira. Dziko lathu lino lili pamalire a miyambo iwiri. Kwa Achewa ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba, ndiye mlongo wa mayi, ayenera kuwayang'anira. Koma kwa Atumbuka ndi Angoni, anansi athu amene takwatirana nao kuyambira kale, ana ndi a bambo pamene malowolo anaperekedwa. Akatsala mwana wamphamvu wa zaka 9, wodziwa kusoka fodya ndi kulisha mbuzi, mbali zonse ziwiri zifika pabwalo zitakwiya; awa ati, "Ng'ombe tinapereka," ndipo awo ati, "Mbumba ndi yathu." Koma akatsala wodwaladwala, pachitika chodabwitsa: Mchewa asanduka katswiri wa mwambo wa Chingoni, nati mwana apite kwa atate ake, ndipo Mngoni akumbukira mwadzidzidzi kuti mwana sasiyana ndi bere la kuchikazi. Onsewa pa Sabata akhala pa benchi imodzi m'tchalitchi.

Palinso ana amene alibe konse wowakanganira. Zaka zambiri anthu anachokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe kudzalima fodya wa eni m'maesiteti a Kasungu monga matenanti, ndipo ambiri anafera kuno kutali ndi abale ao. Boma linaletsa utenanti ndi lamulo m'chaka cha 2021, koma ana a anthu aja sanachoke ndi lamulolo. Ndipo ngati wina aganiza kuti tikunamizira anthu ponena kuti mwana ayesedwa ndi ntchito ya manja ake, akumbukire kuti m'chaka cha 2009 bungwe la Plan linafalitsa kuti ana oposa 78,000 anali kugwira ntchito m'minda ya fodya m'dziko muno, ndi kuti mwana wothyola fodya wonyowa akhoza kulowetsa m'thupi mwake, kupyolera pakhungu, ululu wofanana ndi ndudu 50 pa tsiku limodzi. Ena mwa ana amene anafunsidwa anali a boma lathu lomwe lino.

Komabe alipo Akhristu amene atenga mwana wodwala, ndipo apa mlandu uchoka pa achibale nudza pa mpingo. Tidziwa banja lina, sititchula mudzi kapena dzina, limene linatenga kamtsikana kosakwana zaka ziwiri, amake atamwalira pa esiteti. Tsiku limene anabwera nako ku mapemphero anthu anaomba m'manja, amayi anaimba, ena anapereka sopo ndi shuga, ndipo ife olemba mau ano tinali pakati pa oomba m'manjawo. Umenewo unali mwezi wa September, pamene anthu athirira nazale ndipo m'nkhokwe muli chimanga. Pofika February panalibe ndi mmodzi yemwe wopondapo phazi pakhomo paja. Mwezi umenewo, monga mudziwa nonse, fodya apsa m'munda ndipo sadikira munthu; ayenera kuthyoledwa, kusokedwa ndi kupachikidwa m'chigafa; ufa watha, malungo achuluka, ndipo ndalama za ku Chinkhoma zidakali kutali. Tsiku lokatenga mankhwala likafika mayi uja anali kubereka mwana mbandakucha, kubwera dzuwa litapendeka, ndipo tsiku lonse la ntchito latayika. Mwamuna wake anafika ponena kuti, "Mayi, fodya akuonongeka m'munda, ndipo inu muli pamsewu ndi mwana wa eni." Sitimuweruza bamboyo, pakuti anali ndi ngongole ya feteleza ndi ana ake anayi. Tiweruza manja aja amene anadziwa kuomba, koma sanadziwe kusoka ndodo imodzi ya fodya m'malo mwa mayi amene anali ku chipatala.

Chimene chitimvetsa chisoni ndi chakuti mbali yovuta ya ntchitoyi ena anatigwirira kale. Makolo athu a zaka za m'ma 1990 anaika m'manda ana otere popanda chochita, pakuti mwa ana obadwa ndi kachilombo ka HIV amene salandira mankhwala, theka amwalira asanakwanitse zaka ziwiri. Koma m'chaka cha 2004 boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere. M'chaka cha 2006 chipatala cha ana cha Baylor chinatsegulidwa ku Lilongwe. Ndipo m'chaka cha 2011 Malawi anatsogolera maiko onse poyamba kupereka mankhwalawa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo. Mwana wa mayi wotere ayezedwa pa masabata 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Mankhwala a ana amene kale anali owawa, oti mwana kulavula, kuyambira 2021 analowedwa m'malo ndi timapiritsi tosungunuka m'madzi pang'ono. Chipatala cha boma cha Kaluluma ndi cha mishoni cha Nkhamenya zili pakati pathu. Chotsala kwa ife ndi chaching'ono m'maso: kuti mwana amwe tsiku lililonse osadumpha, ndi kuti afike pa tsiku limene analembedwa m'buku lake. Pakuti akadumphadumpha, kachilombo kachulukanso m'magazi, ndipo kakhoza kuzolowera mankhwalawo kotero kuti sagwiranso ntchito.

Nanga chifukwa ninji chaching'ono chimenechi chitikanika? Chifukwa choyamba ndi lilime lathu. Mayi uja anabisa mankhwala pansi pa zovala m'sutikesi, osauza ngakhale mwana wake wamkulu, poopa kuti mbiri ikatuluka amayi anzake adzaletsa ana ao kudya mbale imodzi ndi kamtsikanako, ngakhale kuti kachilomboka sikayenda m'mbale kapena m'chikho. Tsono kwao kutagwa maliro anachoka masiku anayi, ndipo panalibe wodziwa pamene panali mankhwala kapena nthawi yake. Kodi tinene kuti analakwa ndi iye? Munthu sabisa kanthu pakati pa anthu osunga chinsinsi. Chomwechonso ndi khunyu: ambiri a ife tikhulupirirabe kuti thovu la wogwa lipatsira, ndipo mwana akagwa pafupi ndi moto anthu athawa m'malo momukoka ndi kumugoneka cham'mbali. Khunyu sapatsirana, ndipo zipsera za moto zimene tiona pa ana otere ndi umboni wotitsutsa ife.

Chachiwiri ndi chiphunzitso chimene chafala masiku ano, chakuti wopemphereredwa ataye mankhwala kuti aonetse chikhulupiriro. Munthu wamkulu akasankha chotero adziika yekha pangozi; koma kamwana ka zaka ziwiri sikanasankhe kanthu, ndipo amene aleka kukamwetsa ayesa Mulungu ndi moyo wa wina. Mfumu Hezekiya anapemphera ndi misozi ndipo Mulungu anamva, komabe mneneri Yesaya yemweyo amene anabweretsa yankho analamula kuti aike nkhuyu pachithupsa chake. Mneneriyo sanaone kutsutsana kulikonse pakati pa ziwirizi.

Za chiponde tinene pang'ono, ngakhale zichititsa manyazi. Chakudya chimenechi cha mtedza, mkaka, mafuta ndi shuga chiperekedwa ku chipatala monga mankhwala a mwana wonyentchera, mwa muyeso wa sikelo yake. Koma m'nyumba zambiri chigawidwa kwa ana onse, ndipo china chioneka pamsika. M'mwezi wa njala nkovuta kwa mayi kudyetsa mwana wolera pamene ake obereka akuyang'ana, ndipo amene sanayesedwe chotero asafulumire kunyoza. Koma ngati mpingo ukadatumiza lichero la ufa kwa ana enawo, chiyeso chimenechi chikadachepa.

M'Malembo muli munthu amene anatenga mwana wa mnzake wosati adzadye naye. Mefiboseti mwana wa Jonatani anapunduka mapazi onse awiri ali ndi zaka 5, pamene mlezi wake anamgwetsa pothawa; ndipo Davide atakhala mfumu anamfunafuna, namuika pagome lake masiku onse. Nkhaniyi tiilalikira kawirikawiri, koma tidumpha mbali yake imene ili ya ife alimi: Davide anaitana Ziba, amene anali ndi ana aamuna 15 ndi anyamata 20, nawalamula kuti azimlimira munda ndi kututa zokolola. Chifundo chake chinali ndi maina a anthu ndi ntchito ya yense. Akulu a mpingo uliwonse akhoza kuchita chomwecho nyengo ya nazale isanafike: kupeza anthu awiri osunga pakamwa amene adziwe nthawi ya mankhwala pamene mayi wachoka, mwini njinga mmodzi wa tsiku la chipatala, ndi gulu la achinyamata lokalowa m'munda tsiku limenelo.

Ena adzati, zimenezi ndi ntchito ya boma ndi ya azungu. Tikumbukira m'chaka cha 2006, pamene Madonna, woimba wa ku America, anatenga mwana wa chaka chimodzi pa nyumba ya ana amasiye ku Mchinji, mwana amene anali atadwala chibayo. Ambiri a ife tinakwiya, ndi kufunsa ngati Amalawi alibe manja olerera ana ao. Funsolo linali labwino. Koma mwana uja anakhala pamenepo miyezi yambiri ife tisanalifunse.

Chotsiriza ndi kalata. Lamulo lotengera mwana kuti akhale wako kotheratu lilipo kuyambira 1949, ndipo nkhani yake ithera ku khoti. Lamulo la 2010 la chisamaliro ndi chitetezo cha ana linakonzanso njira yolerera mwana wa wina modziwika ndi boma, kupyolera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu imene ili pa boma la Kasungu. Ife anthu a kumudzi tiyesa zimenezi zachilendo, ndipo tikhutira ndi mau apakamwa onenedwa pamanda. Banja lija nalonso linachita chotero. Kamtsikana kaja kanapulumuka, kananenepa, ndipo chaka chatha kanayamba sukulu. Kadziwa kutunga madzi ndi kubereka mwana. Mvula itatha anafika amuna awiri ochokera kummwera, mmodzi nati ndiye mlongo wa malemu, ndipo anathokoza mwaulemu chifukwa cha kusunga mbumba yao, nati tsopano adza kudzatenga mwana. Mayi uja anawafunsa kuti, "Abambo, kodi mudziwa mankhwala amene amwa, ndi nthawi yake?" Iwo anayang'anana. Nkhaniyo ili kwa amfumu kufikira lero, ndipo mbali zonse ziwiri zilibe pepala.