Za Kukonzanso Nchito za Boma m'Zambia

M'caka ca 1993 Boma la Pulezidenti Chiluba linalengeza makonzedwe atsopano a nchito za Boma, ochedwa Public Service Reform Programme. Zolinga zace zinali zitatu: kucepetsa anchito, kuongola kagwiridwe ka nchito, ndi kupatsa mphamvu makhonsolo. Papepala mau ace anali okoma. Koma ife tiyesa kuti olemba ace analumpha funso lalikuru: kodi mpeni wodulira unali m'manja mwa yani?

Unali m'manja mwa akuluakulu a m'maofesi a ku Lusaka, omwewo amene mipando yao inayenera kucepa. Mbuzi siinola mpeni woiphera.

Makonzedwewo anati mwa anchito anai ali onse mmodzi acoke m'zaka zitatu, kuti ndalama zotsalapo zikweze malipiro a otsala. Koma ambiri amene anacotsedwa anali anchito apansi, olembedwa monga a tsiku ndi tsiku. Malipiro ao anali ang'onoang'ono, motero ndalama zimene zinatsalapo zinali zazing'ononso. Kucotsa munthu wa mpando waukuru kufuna ndalama zambiri zomtsazikira nazo, ndipo Boma, lomwe linali litamira m'ngongole, linalibe ndalamazo.

Nanga kalaliki wotsala uja? Malipiro olonjezedwa sanawaone. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Cotero iye anaika mtima pa ndalama za pamisonkhano ndi za paulendo, zimene zilandiridwa tsiku lomwelo. Sitimcitira umboni kalalikiyo, komanso sitimdabwa. Munthu wakumudzi wodza ndi kalata yace apeza mpando wokha, mwini wace ali ku msonkhano.

Pa za makhonsolo ulendo unacedwa koposa. Mfundo yace inabvomerezedwa mu 2002, Pulezidenti Mwanawasa naikhazikitsa mu 2004, ndipo inalowa m'Malamulo Akuru a dziko mu 2016. M'zaka zonsezo mau anapita ku maboma, koma thumba linatsala ku Lusaka.

Mu 2022 Boma linakweza ndalama za citukuko za dera liri lonse la phungu kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Ici cinali cinthu ceniceni, ndipo tiyenera kuciyamika. Komabe m'caka coyambaco ndalama zambiri zinagona m'mabanki, pakuti mwa zifukwa zina, sukulu kapena mlatho wosankhidwa ndi anthu a ku Chadiza unayenera kuyamba walindira Nduna ya ku Lusaka kuti isaine.